Ulusi watha juzi isanathe: anzanga oluka, mumatani?

Nachisale (Dedza)

Moni nonse amene mumakonda kuluka. Ndabwera ndi mafunso amene akhala akundizunguza mutu, ndipo poti safunsa anadya phula, ndaona kuti ndi bwino ndiwatule pano kuti odziwa andiunikire. Ine sindiluka kuti ndigulitse, ndimaluka chifukwa ntchitoyi ndimaikonda, ndipo nthawi yanga yolukira ndi madzulo, zapakhomo zonse zikatha. Kuno ku Dedza kuzizira kumayamba kuluma mwezi wa Meyi, ndipo pofika Juni ndi Julayi mwana sangapite kusukulu m'mamawa wopanda juzi, choncho zimene ndimaluka zimavalidwa ndithu mpaka zitaperepeseka m'zigongono.

Pakali pano ndikuluka juzi ya bambo a kunyumba ndi ulusi wa double knitting, uja wonenepa mwapakatikati, wobiriwira moderako, ndipo ndinagula mipukutu yokwana ndendende monga mmene patani inanenera. Chigawo chakumbuyo chatha, chakutsogolo chatha, mkono umodzi watha, koma ulusi wandithera mkono wachiwiri uli pachigongono, khosi ndisanaliyambe n'komwe. Nditabwerera kusitolo kumene ndinagula, ndinapeza ulusi wa dzina lomwelo ndiponso nambala yomweyo ya mtundu, ndipo m'sitolomo unkaoneka wofanana ndi wanga, koma nditaluka mizere ingapo n'kutuluka nayo padzuwa, malire a ulusi wakale ndi watsopano akuonekera poyera, chifukwa watsopanowo ndi wowalirapo pang'ono. Kodi izi zimatheka bwanji pamene nambala ndi imodzi, nanga pali njira yobisira malirewo popanda kumasula mkono wonse?

China chimene chandidabwitsa n'chakuti nditayala zigawo zimene zathazo pamphasa n'kuyeza ndi tepi, ndapeza kuti chigawo chilichonse chapitirira muyeso wa patani ndi masentimita 5 m'lifupi. Patani inati ndiyike masitichi 110 pa singano za mamilimita 4 kuti ndipeze masentimita 50, ndipo ndinatsatira zonsezo osaphonya sitichi ngakhale imodzi, koma tepi ikunena 55.

Funso limene likundilemera kwambiri silikhudza singano ayi, likukhudza anthu. Chiyambireni achibale ndi anansi kudziwa kuti ndimaluka, sipatha nthawi yaitali popanda wina kubwera ndi pempho: uyu akufuna shawelo ya mwana amene akuyembekezera, uyo akufuna juzi ya sukulu, winanso waona chithunzi pa Facebook ndipo akufuna chovala chofanana nacho sabata yamawa. Ambiri sabweretsa ulusi, ndipo ukatchula mtengo wa ulusi wokhawo amati pa kaunjika juzi ndi yotchipa kuposa pamenepo. Kukana m'bale n'kovuta, makamaka akakhala apongozi kapena alamu, koma ndikuona kuti chimwemwe chimene ndinkapeza chikuchepa. Chimene ndimakonda ine ndi nthawi ija pamene nyumba yakhala chete, singano zikungolira pang'onopang'ono, manja akuyenda okha, kenako n'kuona maluko a chingwe akuyamba kutuluka pamene panalibe kanthu. Ndikamaluka mothamangitsidwa ndi tsiku limene wina wandiikira, zonsezo sindizimvanso, ndipo ulusi woderawu usiku magetsi akazima umandipweteka maso. Anzanga amene mwakhala mukuluka kwa zaka zambiri, mumatani kuti ntchito imene munaisankha nokha isasanduke ngongole?

Gogo Nangondo (Zomba)

A Nachisale, mwana wanga, musataye mtima, chifukwa kukula kwa juziyo ndi kutha kwa ulusi zili ndi muzu umodzi. Ine ndinaphunzitsa atsikana kusoka ndi kuluka kusukulu ya pulayimale mpaka ndinapuma pantchito, ndipo chinthu chimene chinkavuta kwambiri kuwatsimikizira ana, ngakhalenso amayi anzanga a Mvano, n'chakuti manja a anthu awiri sakoka ulusi mofanana. Patani ikanena kuti muyike masitichi 110 kuti mupeze masentimita 50, imakhala ikuyembekeza kuti pa masentimita 10 aliwonse pakhala masitichi 22, umene ndi muyeso wodziwika wa double knitting pa singano za mamilimita 4. Koma ngati dzanja lanu ndi lomasuka, moti pa masentimita 10 pakungolowa masitichi 20, masitichi 110 omwewo amatambasuka kufika masentimita 55, ndiye mukaphatikiza kutsogolo ndi kumbuyo, juzi yakula ndi masentimita 10 kuzungulira chifuwa. Sitichi yomasuka imadyanso ulusi wochuluka kuposa yothina, ndipo n'chifukwa chake mipukutu imene patani inanena sinakufikitseni kumapeto.

Mankhwala ake ndi kachigamba koyesera, kamene oluka ambiri amakanyalanyaza chifukwa mtima umakhala uli kale pa chovala chenichenicho. Musanayambe juzi iliyonse, ikani masitichi pafupifupi 30, lukani ndi maluko omwewo amene mugwiritse ntchito mpaka kachigambako katalike kupitirira masentimita 12, kenako kachapeni mmene mudzachapire juziyo, n'kukayanika kali chigonere. Kakauma, ikani tepi pakati, osati m'mphepete momwe masitichi amakhala opindika, ndipo muwerenge kuti pa masentimita 10 pali masitichi angati. Akakhala ochepa kuposa a patani, tsikirani ku singano yocheperapo, monga ya mamilimita 3.75 kapena 3.5, ndipo akakhala ochuluka, kwerani ku yokulirapo. Musayese kukonza vutoli pomangitsa dzanja mwadala, chifukwa mungathe kutero kwa mizere yochepa chabe, koma maganizo akangopita kwina dzanja limabwerera ku chizolowezi chake, ndipo chovala chimatuluka chothina pansi, chomasuka pamwamba. Sinthani singano, dzanja mulisiye mmene lilili.

Za mtundu wa ulusi, tengani timapepala timene timakulunga mipukutu ija muyang'anitsitse. Mupezapo nambala ziwiri: ina ndi ya mtundu, ina ndi ya gulu limene ulusiwo unanyikidwira limodzi mu utoto, imene nthawi zambiri amailemba kuti dye lot kapena lot. Kufakitale sanyika ulusi wonse tsiku limodzi, ndipo gulu lililonse limatuluka losiyanako pang'ono ndi linzake ngakhale utoto wake ndi womwewo. Kusiyanako sikuoneka mipukutu ikagundana pa shelufu, kumaoneka ikalukidwa pachovala chimodzi. N'chifukwa chake ine ndimagula ulusi wonse wa chovala nthawi imodzi, ndimafananitsa nambala ya gulu pa mpukutu uliwonse ndisanalipire, ndipo ndimawonjezerapo mpukutu umodzi pamwamba pa imene patani yanena. Wotsala sutayika, umadzakhala chipewa.

Mkono wanuwo musaumasule wonse. Chotsani mizere imene mwaluka ndi ulusi watsopano, kenako mupitirize kumasula chigawo cha ulusi wakale chotalika ngati chikhatho chanu, kuti mukhale ndi kampukutu kakang'ono ka wakalewo. Mukatero lukani mizere iwiri ndi wakale, iwiri ndi watsopano, mosinthanasinthana, ulusi umene ukupuma muzingoukweza m'mphepete osaudula, mpaka wakalewo utatha. Mitundu iwiriyo imalowererana, ndipo diso silipezanso mzere umodzi woti liimepo. Khosi lukani ndi watsopano mosada nkhawa, chifukwa rib, maluko otambasuka aja a m'khosi ndi kumapeto kwa mikono, ili ndi mizere yokwera ndi yotsika imene imasokoneza kuwala, moti kusiyana kochepa ngati kumeneko sikuzindikirika.

Kunena za kukula kwa juziyo, musanaganize zomasula chilichonse, tengani juzi imene bambowo amaikonda kuvala muiyale pansi, zigawo zanuzo muziike pamwamba pake. Juzi ya munthu wamwamuna imavalidwa pamwamba pa malaya, ndipo ku Dedza nthawi zina pamwamba pa malaya awiri, choncho mwina mupeza kuti masentimita 10 owonjezerawo ndi malo amene amafunika kale.

Mbewe (Mzuzu)

Mayi Nachisale, ndi inu agogo, ndiloleni nane ndiponyepo mawu ngakhale ndikudziwa kuti abambo oluka majuzi ndife ochepa. Ine anandiphunzitsa ndi mayi anga ndili mnyamata, ndipo singano zathu zinali masipoko a njinga amene tinkawanola pamwala n'kupinda kumapeto kuti masitichi asamapulumuke. Lero ndimagwira ntchito yaulonda, ndipo kuno ku Mzuzu, kumene kuzizira kumabwera ndi nkhungu ndi kamvula kowaza, usiku ndi wautali kwa munthu amene manja ake alibe chochita. Kuluka zipewa kumandisunga maso, ndipo popeza chipewa cha rib manja amachidziwa okha, maso ndi makutu amakhalabe pachipata. Ena amaseka akandiona, koma sindinaonepo munthu akudabwa ndi mwamuna woluka dengu kapena wosoka ukonde kunyanja, ndipo osekawo ndi omwe amadzandipempha chipewa Julayi akafika.

Chimene ndikufuna kukambapo ndi mtengo wa ulusi, chifukwa ndi umene umachititsa ambiri a ife kugula mipukutu yongokwana ndendende. Ulusi wambiri wa m'sitolo umachokera kunja, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kugula ulusi wa juzi yathunthu nthawi imodzi si chinthu chapafupi kwa munthu wamalipiro ngati anga. Ine ulusi wanga wambiri ndimaupeza pa kaunjika pomwepo, pomasula majuzi akale, ndipo nthawi zina umakhala wabwino kuposa wa m'sitolo.

Si juzi iliyonse imene imamasuka. Mukaitola pamulu, itembenuzeni muone msoko wa m'mbali. Ngati m'mphepete mwake munadulidwa n'kuzunguliridwa ndi ulusi wa makina ngati mmene amachitira ndi sikipa, isiyeni, chifukwa mzere uliwonse udzatuluka kachidutswa kakafupi, ndipo mudzangokhalira kumanga mfundo. Yabwino ndi imene zigawo zake zinalukidwa pazokha, m'mphepete muli bwinobwino mosadulidwa, n'kulumikizidwa ndi msoko wooneka ngati katcheni, umene mukapeza nsonga yake yoyenera n'kukoka umangotsetsereka wokha mpaka kumapeto. Pewaninso juzi imene masitichi ake anamatana moti simungathe kuwasiyanitsa ndi chala, chifukwa imeneyo inachapidwa m'madzi otentha ndipo singamasukenso. Mukalekanitsa zigawo, yambani kumasula kuchokera kumapewa kutsika m'munsi, popeza majuzi ambiri amalukidwa kuchokera pansi kupita pamwamba, ndipo ulusi umabwerera kudzera komwe unathera.

Ulusi womasula umatuluka wopotanapotana, ndipo mukaulukira choncho masitichi sakhala osalala. Ndimaukulunga kuzungulira chotsamira cha mpando, n'kuumanga momasuka malo anayi kuti usasokonezeke, kenako ndimauviika m'madzi ofunda pang'ono okhala ndi sopo wochepa, osaufikisa, n'kuupachika pamthunzi mpaka uume. Ukakhala wa acrylic, ndiye kuti wopangidwa ndi mankhwala osati ubweya wa nkhosa, madzi okha sauwongola bwino, koma nthunzi yotuluka pamlomo wa ketulo imathandiza. Ulusi wa majuzi a makina umakonda kukhala wowonda kwambiri, choncho ndimaphatikiza tizingwe tiwiri kapena titatu n'kuluka ngati umodzi.

Kuti mudziwe chimene mwagula, dulani kachidutswa mukayatse ndi machesi panja. Ubweya weniweni wa nkhosa umanunkha ngati tsitsi lopsa, suchedwa kuzima wokha, ndipo umasiya phulusa lofumbutuka m'zala. Acrylic amayaka mosungunuka, fungo lake ndi la pulasitiki, ndipo amasiya kamfundo kakuda kolimba. Kudziwa zimenezi n'kofunika pochapa, chifukwa juzi ya ubweya mukaichapa m'madzi otentha n'kuifikisa pamwala imafota mpaka kukwana mwana, pamene ya acrylic imaopa simbi: ikangokhudzidwa ndi simbi yotentha imafwifwa, imatambasuka, ndipo sibwereranso. Zonse ziwiri muziziyanika chigonere pamphasa, osati pachingwe, chifukwa kulemera kwa madzi kumazikoka mpaka mikono kutalika kupitirira zala.

Nabanda (Johannesburg)

Achemwali anga a Nachisale, agogo alongosola bwino za kachigamba koyesera, ndipo ine ndingowonjezera msampha umodzi umene umakola ambiri a ife amene timatenga mapatani pa intaneti. Nambala za singano si zofanana dziko lonse. Singano zakale zimene ambiri tinalandira kwa amayi athu zimatsata kawerengedwe ka ku Britain, komwe nambala ikamakula singano imachepa, moti nambala 8 ndi mamilimita 4 ndipo nambala 10 ndi mamilimita 3.25. Kawerengedwe ka ku America n'kotembenuza: nambala ikamakula singano imakulanso, ndipo nambala 8 yawo ndi mamilimita 5. Choncho patani ikangonena kuti nambala 8, muyambe mwadziwa kuti inalembedwa kuti, ndipo chodalirika ndi kuyang'ana mamilimita basi.

Tsopano ku funso lanu lalikulu lija, ndipo pamenepa ndiyankhula mosabisa. Anthu amene amayerekeza juzi yanu ndi ya pa kaunjika sachita zimenezo chifukwa cha nkhanza, koma chifukwa sanawerengepo ntchito imene ili m'menemo, ndipo ife oluka sitiwauza. Tiyeni tiwerenge ndi juzi ya munthu wamkulu. Chigawo cha masitichi 120 m'lifupi, chotalika masentimita 60 pa mizere 28 pa masentimita 10 aliwonse, chimakhala ndi mizere 168, kutanthauza masitichi opitirira 20,000. Kutsogolo ndi kumbuyo ndi 40,000, ndipo mukawonjezera mikono iwiri ndi khosi mwadutsa 55,000. Ngakhale munthu wa dzanja lofulumira, woluka masitichi 30 pa mphindi osaima, afunika maola opitirira 30, ndipo pamenepo sitinawerenge kusoka zigawo, kubisa nsonga za ulusi, ndi kumasula pamene palakwika. Kwa munthu woluka madzulo okha, imeneyo ndi ntchito ya milungu yambiri.

Ine ndinaika lamulo, ndipo ndimalinena mwaulemu kwa aliyense, kaya ndi wa kuchimuna kaya ndi wa kwathu. Wofuna chovala agule yekha ulusi wonse, wa gulu limodzi, ndipo asandiikire tsiku. Ambiri akapita kusitolo n'kuona mtengo sabweranso, ndipo amene wabwera ndi ulusi m'manja ndiye kuti chovalacho akuchifunadi ndipo adzachisamala. Kwa amene akuumirira, ndimati bwerani Loweruka ndi singano zanu ndikuphunzitseni. Mawu amenewo sakhumudwitsa munthu, chifukwa simunamukanize, mwamupatsa chinthu chachikulu kuposa chimene anapempha.

Kuno nyengo yozizira imagwa miyezi yomweyo ya kwathu, koma chisanu chake n'choopsa, mpaka udzu umayera m'mawa. Pali gulu lotchedwa 67 Blankets for Nelson Mandela Day, limene linayambitsidwa ndi Carolyn Steyn, ndipo anthu ambirimbiri amaluka mabulangete, ena ndi singano ziwiri ena ndi crochet, singano imodzi ija yokhala ndi ngowe, n'kuwapereka kwa osowa. Chimene ndinaona kwa amayi amene amalukira gululi n'chakuti munthu amatha kuluka bulangete lonse mosanyinyirika, pamene chipewa chimodzi chochita kukakamizidwa chimamulemera. Kusiyana kwake si kukula kwa ntchito, koma kuti anasankha ndani.

Naphiri (Blantyre)

A Nachisale, ndawerenga zonse, ndipo ndikugwirizana ndi a Nabanda pa zambiri, koma pa lamulo lawo ndisiyana nawo pang'ono. Kwathu kuno pali zovala zina zimene sizingayikidwe pa sikelo ya maola, monga shawelo ya mwana woyamba wa mchemwali wako, ndipo kuuza apongozi kuti akagule okha ulusi kungathe kubweretsa mawu amene adzakhalitse kuposa juziyo. Ine chimene ndimachita n'chosankhiratu ndekha, chaka chikamayamba, anthu ochepa amene ndidzawalukire ngati mphatso, ndipo ena onse ndimawauza zoona zake, kuti singano zanga zili kale ndi ntchito mpaka nyengo yozizira ithe. Chinanso, sindilola kuti pa singano pakhale ntchito ya anthu yokhayokha. Pambali pa chovala chachikulu ndimasunga kanthu kakang'ono kanga, kamene palibe akukadikira, ndipo tsiku limene ndatopa ndimatenga kameneko.

Kanthu kanga kameneko kawirikawiri kamakhala kachipewa ka mwana wobadwa masiku asanakwane. Ndine namwino, ndipo ndagwirapo ntchito m'chipinda cha ana oterewa. M'dziko muno ana ambiri amabadwa nthawi isanakwane, ndipo chimodzi mwa zinthu zimene zimawaopseza ndi kuzizidwa, popeza thupi lawo lilibe mafuta okwanira osunga kutentha. Njira ya kangaroo, imene inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia m'ma 1970 ndipo kuno inayamba pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, ndi yoti mwana amagonekedwa pachifuwa cha mayi ake khungu ndi khungu, n'kumangidwa ndi chitenje. Thupi lonse limafunda ndi kutentha kwa mayiyo, koma mutu umakhala panja, ndipo mutu wa khanda ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake, choncho umataya kutentha kwambiri. N'chifukwa chake mwanayo amafunika chipewa, ndipo zipewa za m'sitolo zimakhala zazikulu, chifukwa zimapangidwira mwana wobadwa pa nthawi yake, amene mutu wake umazungulira masentimita pafupifupi 35.

Kachipewa kotere kamatha madzulo amodzi kapena awiri, ndipo kamangofuna ulusi wotsala uja agogo anena. Ulusi ukhale wofewa, wosathothoka ubweya, ndiponso wopirira kuchapidwa kawirikawiri. Musaikepo mabatani, zingwe zomangira kapena kampira kapamwamba, ndipo msoko ukhale wosalala, wopanda mfundo zoti zingadinde khungu lanthete. Musanaluke zambiri, pitani mukafunse anamwino a chipatala chimene muli nacho pafupi kuti akuuzeni miyeso imene akuisowa. Ine ndinaonapo mayi amene anali ndi mantha ngakhale kumugwira mwana wake chifukwa cha kuchepa, akumuveka kachipewa kachikasu ndi zala ziwiri, n'kukakonza bwinobwino pamwamba pa makutu, kenako n'kuyamba kumuyankhula. Chimwemwe chimene mukuti chikuchepa, ine ndimachipeza pamenepo.

Za maso, ulusi wodera muzilukira masana kapena kumadzulo dzuwa lisanalowe, ndipo usiku muzitenga wowala. Ngati palibe kuchitira mwina, yalani nsalu yoyera pamiyendo, chifukwa masitichi akuda amaoneka bwino kumbuyo kwawo kukakhala koyera. Manja akayamba kuchita dzanzi kapena kuwawa m'mfundo, ikani singano pansi, tambasulani zala ndi mapewa, ndipo ululu ukapitirira masiku angapo mukaonane ndi achipatala.

Nachisale (Dedza)

Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Agogo, ndaika tepi pakati pa chigawo chakumbuyo ndipo ndapezadi masitichi 20 pa masentimita 10, monga mmene munanenera, ndipo timapepala ta mipukutu tikusonyeza nambala ya mtundu imodzi koma nambala za gulu zosiyana. Ndayalanso zigawozo pa juzi imene bambo amavala popita kutchalitchi, ndipo kusiyana kwake n'kochepa, choncho sindimasula. Mkono ndayamba kuusinthanitsa mizere iwiriiwiri ndipo malire aja akuzimiririka. A Naphiri, maganizo osankhiratu anthu owalukira andigwira mtima, ndipo za tizipewa ndikafunsa kuchipatala chathu. A Mbewe, pamsika wa Loweruka ndikatembenuza majuzi ndione misoko yake.

Ndatsala ndi nkhawa imodzi pamene ndikuyandikira khosi. Juzi imene ndinalukira mwana wanga chaka chatha inakwana bwino paliponse, koma mzere womaliza wa khosi unali wolimba ngati chingwe, moti kuti mutu udutse pankafunika kukoka mpaka mwana kulira. Kodi khosi limatsekedwa bwanji kuti likhale logwira bwino koma lotambasuka?

Gogo Nangondo (Zomba)

Mwana wanga, vuto limenelo limabwera chifukwa mzere wotsekera sutambasuka ngati mizere inayo, ndiye tikautseka ndi singano yaing'ono imene talukira rib, komanso dzanja litamangika poopa kuti khosi lingatayirire, timapanga lamba wosasuntha. Rib ya khosi ilukeni ndi singano yocheperapo monga mwa nthawi zonse kuti igwire bwino, koma pofika potseka, tengani kudzanja lamanja singano yokulirapo ndi milimita imodzi kapena kuposerapo. Tsekani motsatira maluko ake, ndiye kuti pamene pali plain (sitichi yosalala yooneka ngati V) mutseke ndi plain, pamene pali purl (sitichi yotumphuka) mutseke ndi purl, ndipo sitichi iliyonse mukaidumphitsa pamwamba pa inzake musakoke ulusi kuti muimange. Onetsetsaninso kuti ponyamula masitichi kuzungulira khosi simunanyamule ochepa kuposa amene patani yanena, chifukwa akachepa, ngakhale mutatseka momasuka chotani mutu sudzadutsa.

Mukatseka, musadule ulusi msanga. Kokani sitichi yomalizayo ikhale yaitali kuti isapulumuke, muitane bambowo alowetse mutu, ndipo ngati pakuthina, kumasula mzere umodzi wokhawo n'kutsekanso ndi singano yokulirapo si ntchito yaikulu. Juzi ya mwana ija, ngati ikumukwanabe, mungathe kuikonza chimodzimodzi: pezani nsonga imene munabisa, masulani mzere wotsekerawo, bwezerani masitichi pa singano, lumikizani ulusi wina pang'ono popeza kutseka momasuka kumadya wochulukirapo, n'kutsekanso. Pa juzi yotsatira, mikono yonse iwiri mudzailukire limodzi pa singano imodzi, uliwonse ndi mpukutu wake, kuti idzatalike mofanana, ndiponso kuti ngati ulusi ukuchepa mudzazindikire msanga n'kusinthira watsopano pa mzere womwewo mbali zonse ziwiri.